KUPHUNZITSA MWANA KUKHALA PA POTI

M'makomboni ambiri, monga Kapata, Mchini ndi Navutika ku Chipata, kapena Kanyama ndi Chawama ku Lusaka, si cacilendo kupeza mabanja asanu akukhala pa poloti imodzi, onse akugwiritsira nchito cimbudzi cimodzi cokumba. Akulu alowamo mosabvutika. Koma mwana wa zaka 2 sangalowemo. Bowo ndi lalikulu, mkati muli mdima, ndipo nthawi zina pa citseko pali loko, makiyi ali kwa eni nyumba. Cotero mwanayo angonyonyomala kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa ngalande, pamalo pomwe anzake asewerera dothi.

Apa ndi pamene poti athandizira. Poti ndi cimbudzi ca mwana amene wakula kosayeneranso thewera, koma akali wamng'ono kuti alowe m'cimbudzi ca akulu. Phunziro la lero likamba zinthu ziwiri zimene ziyendera pamodzi. Coyamba, mwana aphunzira poti mwamsanga ngati sacita mantha. Caciwiri, nchitoyi siinathe kufikira za mu poti zitafika m'cimbudzi ndipo manja atasambidwa ndi sopo.

MATUVI A MWANA ALI NDI MATENDA

Anthu ambiri akhulupirira kuti matuvi a mwana wamng'ono alibe bvuto kaamba kakuti mwanayo angoyamwa ndi kudya phala cabe. Ici si coona ai. Ana atsegula m'mimba kawiri-kawiri kuposa akulu, motero matuvi ao akhala ndi tizirombo tambiri ndi mazira a njoka za m'mimba. Ndiponso akulu adzithandizira kutali, m'cimbudzi, koma mwana adzithandizira pabwalo, pafupi ndi mbaula, mbale ndi zigubu za madzi.

Tizirombo timeneti tifika m'kamwa mwa munthu m'njira zinai: pa zala, pa miyendo ya nchenche, m'madzi, ndiponso m'dothi limene makanda okwawa adya. Mvula ikagwa, madzi akokolola zonse za pabwalo kupita nazo ku zitsime zosazama. Ku Kanyama bvutoli likula kwambiri cifukwa madzi a pansi ali pafupi, ndipo mwala wa kumeneko uli ndi ming'alu imene zonyansa zidutsamo mosabvuta.

Dziko la Zambia linaona zotulukapo zake. Kolera amene anabuka ku Lusaka mu October 2017 anadwalitsa anthu oposa 5,000. Amene anabuka mu October 2023 anapha anthu oposa 700. Odwala anali kugonekedwa m'bwalo la masewera la National Heroes Stadium, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira mu February 2024. Kolera ayenda m'njira zomwezi zimene kutsegula m'mimba kwa masiku onse kuyendamo. Cotero banja limene lisamala matuvi a mwana wao licinjiriza poloti yonse.

NTHAWI YOYAMBIRA

Khanda likodza losadziwa. Cikhodzodzo cikadzala, mkodzo ungotuluka wokha. Kuti mwana athe kugwira mkodzo ndi matuvi, ubongo wake ufunika kumva kuti m'kati mwadzala, ndi kuuza minyewa kuti itseke kufikira atafika pamalo oyenera. Ici cibwera ndi kukula, monga momwe kuyenda ndi kulankhula kubwerera. Ana ambiri ayamba kuonetsa kuti akonzeka pakati pa miyezi 18 ndi zaka 2 ndi theka, ndipo ambiri aleka kudzikodzera masana pofika zaka 3 kapena 4.

Makolo asawerenge miyezi cabe, koma ayang'ane zizindikiro izi:

1. Mwana ayenda bwino, atha kunyonyomala ndi kuimirira yekha.
2. Thewera likhala louma kwa maola 2 kapena kuposa, kapena adzuka ali wouma pa tulo ta masana.
3. Acita matuvi ofewa pa nthawi yodziwika tsiku liri lonse.
4. Aonetsa kuti afuna kudzithandiza: abisala kuseri kwa citseko, agwira kabudula, kapena asintha nkhope.
5. Anyansidwa ndi thewera lonyowa ndipo ayesa kulibvula.
6. Amva mau apafupi monga "bwera kuno" ndi "khala pansi".

Mwana amene ali ndi zambiri mwa zizindikirozi angayambe. Koma nkwabwino kuyembekeza ngati mwanayo akudwala, ngati akutsegula m'mimba, ngati wangoletsedwa kuyamwa, ngati m'nyumba mwangobadwa khanda, kapena ngati banja likusamukira ku nyumba ina. Mwana sangasenze zinthu ziwiri zatsopano nthawi imodzi.

NJIRA YA AMBUYA NDI NJIRA YA KU KILINIKI

Kawiri-kawiri pakhala mkangano pakati pa amai ndi apongozi ao. Ambuya akuti kale mwana anali kuleka kuonongera citenge asanayambe kuyenda. Amai akuti ku sikelo anauzidwa kuti asamkakamize. Zoona zake nzakuti onse awiri ali ndi mfundo.

Ambuya anali kubereka mwana kumsana tsiku lonse, motero anali kumva akayamba kutakataka. Anali kumtsitsa, kumkhazika pakati pa mapazi ao ndi kuliza kamluzu kufikira atakodza. Mu 1977 madokotala analemba za Adigo a ku Kenya amene anali kucita cimodzi-modzi, ndipo makanda ao anali kukhala ouma pofika miyezi 5 kapena 6. Njira imeneyi siipweteka mwana, ndipo icepetsa matewera ocapa. Koma pamenepo amene waphunzira kwambiri ndi wamkuluyo, pakuti ndiye adziwa nthawi. Khanda silingapite lokha pa poti.

Njira yoyembekeza kuti mwana akonzeke inafalitsidwa ndi dokotala wa ana wa ku America, T. Berry Brazelton, mu 1962. Iye analondola ana 1,170 amene makolo ao sanawakakamize, ndipo anapeza kuti anali kuleka kudzikodzera masana ali ndi miyezi pafupi-fupi 28.

Njira ziwirizi zigwirizana pa cinthu cimodzi: wamkulu ayang'anitsitsa mwana, ndipo palibe mkwapulo. Mai amene akhala panyumba angakhazike khanda pa poti momgwirizira kuyambira pamene latha kukhala lokha. Mai amene apita ku msika m'mamawa nkubwera madzulo angayembekeze zizindikiro zija. Onse awiri sanalakwe.

ZOFUNIKA KUKONZA

Poti wa pulasitiki apezeka m'masitolo ndi m'misika. Wabwino ndi uja wa pansi potakata, wosagwedezeka, amene mwana akakhalapo mapazi ake aponda pansi. Mapazi akaponda pansi ndipo maondo akakwera pang'ono, matuvi atuluka mosabvuta. Ngati ndalama zasowa, kabakete kakafupi kolimba, kosacekera m'mbali, kangagwire nchito. Cofunika ncakuti ciwiyaco cikhale ca nchito imeneyi yokha. Cisatungire madzi ndipo cisasungire cakudya.

Poti akhale ndi cobvundikira kaamba ka nchenche. Akhale pamalo amodzi amene mwana awadziwa, kutali ndi pophikira. M'nyumba ya cipinda cimodzi, ngodya ya kufupi ndi khomo ndiyo yabwino.

Zobvala zikhale zosabvuta kutsitsa. Makabudula a lasitiki ndi timapanti ta pa salaula tokwana 6 kapena 8 tithandiza kwambiri kuposa buluku la mabatani ndi lamba. Nyengo yotentha ya September ndi October ndi yabwino kuyambiramo pakuti mwana abvala zocepa ndipo zocapa ziuma msanga, mvula isanayambe.

Pomaliza, onse olera mwanayo agwirizane: amai, atate, ambuya, wanchito ndi akulu ake. Onse agwiritsire nchito mau amodzi-modzi pochula kukodza ndi kucita cimbudzi. Ngati amai ayamikira koma atate akalipa, mwana asokonezeka.

KAPHUNZITSIDWE KAKE

1. Masiku oyamba mwana angozolowera poti. Akhalepo ali cibvalire, pamene wamkulu amuuza nchito yake. Ngati akana, asiyidwe ndipo ayesedwenso mawa.

2. Akazolowera, akhazikidwe pa poti atabvula, pa nthawi zimene thupi lifuna lokha: atangodzuka m'mamawa, patapita mphindi 15 kufikira 30 atadya, atadzuka masana, ndiponso asanagone. Cakudya cikalowa m'mimba, matumbo ayamba kukankha zakale. Ndico cifukwa cake nthawi ya pambuyo pa phala kapena nsima ndiyo ipambana zonse.

3. Akhalepo mphindi 3 kufikira 5 cabe. Wamkulu akhale naye pafupi, aceze naye kapena amuimbire. Ngati palibe cimene catuluka, anyamuke popanda kudzudzulidwa. Kumsiya pa poti kwa ola lathunthu kumcititsa kuona poti ngati cilango.

4. Akacita kanthu, ngakhale madontho ocepa, ayamikiridwe pomwepo. Kuomba m'manja ndi mau akuti "wacita bwino" nzokwanira. Maswiti a pa kantemba safunika.

5. Zikayamba kuyenda bwino, thewera licotsedwe masana ndipo abvale kapanti. Mwana amene ali m'thewera lokoka madzi samva kunyowa, motero acedwa kudziwa cimene cacitika.

6. Akumbutsidwe pakapita maola 2 ali onse, maka-maka akatanganidwa ndi masewera. Ana ambiri adzikodzera cifukwa safuna kusiya anzao.

7. Akadziipitsira, wamkulu angonena kuti, "Mkodzo upita mu poti," amsambike ndi kumsintha. Zimene zagwera pansi zioledwe nthawi yomweyo ndi fosholo kapena khasu, pamodzi ndi dothi la pamenepo, ndi kutayidwa m'cimbudzi.

8. Mwana wamkazi apukutidwe kucokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizirombo ta m'matuvi tisalowe m'njira ya mkodzo. Mwana wamwamuna ayambe ndi kukodza atakhala pansi. Kuimirira adzaphunzira pambuyo pake poona atate ake kapena akulu ake.

Ana ena agwira m'masabata ocepa, ena atenga miyezi 3 kufikira 6. Ngati patapita masabata 2 mwana angolira ndi kuthawa poti, ndiye kuti nthawi siinakwane. Makolo apumule mwezi umodzi ndipo ayambenso. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha.

KOTAYA ZA MU POTI

Pano ndi pamene mabanja ambiri alakwira. Mwana waphunzira bwino, koma za mu poti zikhuthulidwa m'ngalande, pa dzala, kapena kuseri kwa mpanda. Poti wotere sanathandize ciri conse. Wangosamutsa matenda kucoka pa khomo ili kupita pa khomo la mnansi.

Lamulo ndi limodzi: matuvi onse a mwana apite m'cimbudzi, ndipo apite msanga. Poti asakhale padzuwa ali ndi zinthu kuyembekeza madzulo. Atakhuthula, wamkulu athiremo madzi, atsukuluze, ndipo madziwo athiridwenso m'cimbudzi. Pambuyo pake atsuke ndi sopo, ndi kaburashi kapena kamtengo kokulunga nsanza kamene kasungidwa ku cimbudzi komweko. Poti aumitsidwe padzuwa. Asatsukidwe pa pompi ya anthu onse, pafupi ndi citsime, kapena m'beseni la mbale. Pa nthawi ya kolera, a zaumoyo alangiza kuthirako mankhwala a klorini, ndipo ndiwo auza muyeso wake.

Matewera a nsalu atsate njira yomweyo. Matuvi agwetsedwe m'cimbudzi, ndipo madzi oyamba ocapira athiridwe momwemo. Matewera ogula otaya, amene ambiri awacha mapampasi, ali ndi pulasitiki ndipo saola. Akaponyedwa m'cimbudzi cokumba, dzenje lidzala msanga ndipo opopa zimbudzi abvutika. Akaponyedwa m'ngalande, atseka madzi ndipo mvula ikagwa madziwo alowa m'nyumba. Matuvi ake agwetsedwe m'cimbudzi, thewera likulungidwe, limangidwe m'pulasitiki ndi kuikidwa ku zinyalala zotengedwa, kumene agalu ndi nkhuku sizifika.

Pa poloti ya mabanja ambiri, eni nyumba ndi olipira lendi ayenera kumvana kuti kiyi wa cimbudzi akhale pamalo amene wamkulu ali yense angamtenge, usana ndi usiku. Cimbudzi cokhoma cimene mai sangalowemo ndi poti ndico ciyambi ca matuvi m'ngalande. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo matenda ake sacedwa kufika kwa wako.

KUSAMBA M'MANJA

Kusamba m'manja ndi mbali ya phunziro la poti, ndipo mwana aphunzire zonse ziwiri tsiku limodzi. Akanyamuka pa poti, iye ndi womthandiza asambe ndi sopo ndi madzi othira, osati obviika m'beseni limodzi. Ofufuza anapeza kuti kusamba m'manja ndi sopo kucepetsa kutsegula m'mimba ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pafupi-fupi. Sopo akasowa, wamkulu angagwiritsire nchito phulusa loyera la pa mbaula.

Kacigubu koboola kopacikidwa pa mtengo pafupi ndi cimbudzi, ndi kacidutswa ka sopo pa cingwe, kathandiza kuti anthu asaiwale, ndipo sikatha madzi ambiri. Ngati mkulu wake wa mwanayo ndiye atumidwa kukataya poti, makolo aonetsetse kuti nayenso wasamba asanagwire cakudya. Mabakete a madzi akhale obvundikira nthawi zonse, pakuti mwana wa msinkhu uwu angagwere camutu m'bakete ndi kumira m'madzi ocepa.

MKWAPULO SUPHUNZITSA

Mai amene wayenda mtunda kukatunga madzi ogula, nkupeza mwana waipitsa kabudula wacitatu, apsa mtima. Izi nzomveka. Koma kumenya, kutsina, kumnunkhizitsa zimene wacita kapena kumseka pamaso pa anzake kubweretsa bvuto lina lalikulu.

Mwana wocita mantha ayamba kugwira matuvi. Matuvi akakhalitsa m'matumbo, thupi likoka madzi ake ndipo auma. Tsiku lotuluka apweteka, nthawi zina ang'amba khungu nkutulutsa timagazi. Mwana akamva ululu aopa koposa, ndipo agwiranso. Pambuyo pake matumbo atanuka, mwana aleka kumva kuti adzala, ndipo matuvi amadzi ayamba kudutsa m'mbali mwa ouma aja nkudontha m'kabudula iye osadziwa. Makolo aganiza kuti ndi mwano kapena kutsegula m'mimba, namumenyanso, pamene bvuto leni-leni ndi kudzimbidwa.

Zizindikiro za kudzimbidwa ndi izi: kucita matuvi kosafika katatu pa sabata, matuvi olimba onga a mbuzi kapena akulu kwambiri, kulira pa poti, ndi kuimirira cinyomphiro atapanikiza miyendo. Mwana wotere apatsidwe madzi akumwa okwanira, papaya, mango, malalanje, nyemba, mbatata, ndi ndiwo za masamba monga cibwabwa, bondwe ndi repu. Phala la mgaiwa lithandiza kuposa la ufa woyera. Makolo asalowetse sopo kapena mankhwala a zitsamba kumbuyo kwa mwana, pakuti zimenezi zingapsereze matumbo. Ngati palibe kusintha, apite naye ku kiliniki kumene kuli mankhwala ofewetsa matuvi.

Makolo adziwenso kuti lamulo la ana la Children's Code Act la 2022 liletsa kulanga mwana pommenya. Amene aona mwana akuzunzidwa angaimbe nambala ya ulere ya 116.

USIKU

Kuleka kukodza pogona kubwera pambuyo, ndipo sikuphunzitsidwa monga kwa masana. Kudalira kukula kwa cikhodzodzo, kucepa kwa mkodzo umene impso zipanga usiku, ndi kutha kudzuka pamene cikhodzodzo cadzala. Pa ana 100 a zaka 5, pafupi-fupi 15 akali kukodza pogona. Madokotala saciyesa bvuto mwana asanakwanitse zaka 5. Ciyendanso m'magazi: ngati atate kapena amai anacedwa kuleka, mwana nayenso angacedwe. Si ulesi, ndipo si kulodzedwa.

Cimene makolo angacite ndi ici. Mwana amwe madzi bwino masana, koma acepetse zakumwa patatsala ola limodzi kapena awiri kuti agone, maka-maka tiyi ndi zakumwa za m'mabotolo. Akodze asanagone. Pansi pa nsalu yogonera payalidwe pulasitiki. Poti akhale pafupi ndi pogona, ndipo akhuthulidwe m'mamawa. Mwana wamng'ono asatumidwe ku cimbudzi ca panja usiku. Akakodza pogona, zofunda zicapidwe mwakacetecete. Kuyanika mphasa pamaso pa anzake kuti acite manyazi, kapena kumuopseza ndi cule, sikuumitsa mphasayo.

MWANA AKABWERERA M'MBUYO

Mwana amene anaphunzira bwino angayambenso kudzikodzera pakabadwa mng'ono wake, pakagwa maliro, makolo akamakangana, kapena akatumizidwa kukakhala kwa acibale. Kawiri-kawiri izi zitha zokha m'masabata ocepa ngati makolo abwerera ku njira yoyamba ija modekha. Mwana wolumala kapena wocedwa kukula angatenge nthawi yaitali, koma njira ndi yomweyo.

Koma makolo apite naye ku kiliniki mosacedwa, atatenga khadi la ku sikelo, ngati aona izi:

1. Alira pokodza, akodza pang'ono-pang'ono kawiri-kawiri, mkodzo ununkha kwambiri, kapena thupi latentha.
2. Mu mkodzo muli magazi. Kwa ana amene asewera m'madambo ndi m'mitsinje, angakhale likodzo.
3. Amwa madzi kwambiri, akodza kwambiri, ndipo akuonda. Angakhale matenda a shuga, amene agwiranso ana.
4. M'matuvi muli magazi kapena njoka.
5. Wayambanso kukodza pogona atakhala wouma kwa miyezi 6.
6. Wafika zaka 4 koma akali kudziipitsira masana masiku onse.
7. Ali ndi zironda kapena ululu kumalo obisika, kapena aopa munthu wina mwadzidzidzi. Mwana wotere afunika kupimidwa tsiku lomwelo.

Akatsegula m'mimba, phunziro la poti liyambe laima. Apatsidwe Madzi a Moyo: paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Mwana wosafika zaka 2 amwe mamililita 50 kufikira 100 nthawi iri yonse akatsegula, ndipo wa zaka 2 kupita m'tsogolo amwe 100 kufikira 200. Amwenso mapiritsi a zinc a ku kiliniki kwa masiku 10 kufikira 14, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya. Ngati matuvi ali ngati madzi otsukira mpunga, ngati asanza ciri conse, ngati maso alowa m'kati kapena walefuka, athamangire naye ku cipatala akumpatsa Madzi a Moyo m'njira. Katemera wa rota, amene anafika m'dziko lonse mu 2013, acinjiriza makanda ku mtundu umodzi woopsa wa kutsegula m'mimba, koma salowa m'malo mwa ukhondo. Mankhwala a njoka za m'mimba aperekedwa kwa ana kuyambira caka cimodzi, ku sikelo ndi pa sabata la umoyo wa ana.

KUCOKA PA POTI KUPITA KU CIMBUDZI

Pofika zaka 3 kapena 4, ana ambiri afuna kucita monga akulu. Mantha a mwana pa cimbudzi cokumba ali ndi cifukwa, pakuti mwana angagweremo ngati bowo ndi lalikulu kapena ngati pansi paola. Atate ndi eni nyumba ayang'ane simenti kapena mitengo ya pansi, maka-maka m'nyengo ya mvula pamene zimbudzi zititimira. Thabwa lolimba lokhala ndi kabowo kakang'ono, loikidwa mosasuntha pamwamba pa bowo lalikulu, lithandiza mwana kuponda bwino. Bowo likhale ndi cotsekera ca cogwirira.

Masiku oyamba poti angaikidwe pakhomo pa cimbudzi, kenaka m'kati. Wamkulu alowe naye, amgwire manja, ndipo citseko cikhale cotsegula kuti muwale. Mwana abvale patapata, cifukwa mtundu wina wa njoka za m'mimba ulowera pa khungu la kumapazi. Asapite yekha kufikira makolo atakhutira kuti atha kuponda, kudzipukuta ndi kusamba m'manja. Cimbudzi cauve cibweza mwana kuseri kwa nyumba, motero mabanja a pa poloti agawane masiku ocikolopa.

MAFUNSO OKAMBIRANA

Mafunso awa angakambidwe panyumba, ku sikelo kapena m'magulu a amai ndi atate:

1. Kodi ncifukwa ciani matuvi a mwana ali oopsa monga a wamkulu, kapena kuposa?
2. Ndi zizindikiro ziti zimene zionetsa kuti mwana wakonzeka kuyamba poti?
3. Ndi nthawi ziti pa tsiku zimene ziri zabwino kukhazika mwana pa poti?
4. Kodi kumenya kubweretsa bwanji kudzimbidwa?
5. Pa poloti imene cimbudzi cikhomedwa, kodi mabanja angamvane bwanji kuti za mu poti zisatayidwe m'ngalande?

Mwana ali yense wabwino-bwino adzaleka thewera pa nthawi yake, wina msanga, wina mocedwerapo. Makolo sangafulumize kukula kwa cikhodzodzo, ngakhale akalipe motani. Cimene ciri m'manja mwao ndi kuyang'ana zizindikiro, kuyamikira m'malo mwa kumenya, kunyamula poti kupita naye ku cimbudzi nthawi iri yonse, ndi kusamba m'manja pobwerako. Banja locita izi lidzacapa makabudula kwa miyezi yocepa, koma lidzapewa maulendo ambiri a ku cipatala.